Doko lathu lili pakhomo pa mnansi

Amene anadutsapo pa chipata cha Mwanza kapena cha Dedza m'mamawa akuudziwa mzere wa mathiraki umene umayambira pa geti n'kutsata msewu mpaka kukhota. Madalaivala amakhala atayala makatoni pansi pa thiraki, mbaula ili pambali, nsima ikuphikidwa, malaya ochapa atayanikidwa pa galasi. Ukawafunsa kuti anyamuka liti, yankho limakhala lakuti mapepala sanatuluke. Ena afika dzulo, ena dzana. Kumbuyo kwawoko kuli feteleza, mafuta ophikira, simenti, mankhwala a m'zipatala, tirigu wopangira buledi.

Thiraki yoima imadya ndalama ngati yoyenda. Mwini wake ali ndi ngongole ku banki imene siidikira kuti mapepala atuluke. Dalaivala ayenera kudya. Kontena imene yanyamulidwayo ndi ya kampani ya sitima za panyanja, ndipo ili ndi masiku owerengeka oti ibwerere ku doko. Akapitirira masikuwo, tsiku lililonse limalipiridwa, m'madola. Ndalama zonsezi mwini thiraki sazitulutsa m'thumba mwake. Amaziika pa mtengo wonyamulira, woitanitsa katundu amaziika pa mtengo wopikulitsa, wa golosale naye amawonjezera, ndipo womalizira kulipira ndi mlimi wa ku Ntchisi amene akuwerenga makwacha ake kuti aone ngati akwanira thumba limodzi la Urea. Pa katundu wotuluka zimayenda chobwerera: wogula fodya, tiyi, soya kapena nandolo amayamba wachotseratu mtengo wa ulendo wa ku doko, zotsalazo ndiye n'kumupatsa mlimi. Mlimi yemweyo amalipira kuchedwa kwa pa chipata kawiri, pogula ndi pogulitsa, chikhalirecho mwina sanaone chipata chilichonse.

N'chifukwa chake ndikunena kuti kwa dziko ngati lathu, ubale ndi Mozambique, Tanzania ndi Zambia ndi nkhani ya mtengo wa sopo ndi mchere, ndipo siiyenera kusiyidwa m'manja mwa akazembe okha. Malawi alibe nyanja yamchere. Madoko amene timadalira ndi Beira ndi Nacala ku Mozambique, Dar es Salaam ku Tanzania, ndi Durban ku South Africa. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Beira kapena ku Nacala ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 800. Ku Durban ndi oposa 2,000, ndipo thiraki imayenera kudutsa Mwanza ndi Zóbuè, Cuchamano ndi Nyamapanda, kenako Beitbridge. Njira ya kumunda kwathu imadutsa pabwalo pa anthu ena. Munthu wa munda wotere amayamba wadziwa mmene anansi akewo adzukira asanasenze khasu.

Achikulire akukumbukira zimene zinachitika m'zaka za m'ma 1980. Nkhondo ya ku Mozambique isanakule, pafupifupi katundu yense wa dziko lino ankayenda pa njanji kupita ku Beira ndi ku Nacala. Njanji ziwirizo zitadulidwa, tinayamba kuzungulira pa msewu mpaka ku Durban ndi ku Dar es Salaam, ndipo m'pamene kunabadwa malo osungirako katundu wa Malawi ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya. Nkhondoyo inatha mu 1992, koma chizolowezi chonyamula chilichonse pa thiraki chinatsala, pamodzi ndi mtengo wake. Papita zaka zoposa 30 tikulipirabe ngati njanji zija zidakali zotsekedwa.

Phunziro limene limandipweteka kwambiri ndi la ku Nsanje. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la pa mtsinje wa Shire, Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Rupiah Banda wa ku Zambia ali pomwepo. Maganizo ake anali omveka: katundu wolemera aziyenda pa madzi, kutsika Shire, kulowa Zambezi, kukatulukira ku Chinde. Madzi ndi njira yotsika mtengo kuposa msewu, palibe angatsutse. Koma mtunda waukulu wa njirayo uli m'dziko la Mozambique, ndipo a ku Maputo anali atanena kuti pafunika kafukufuku wa mtsinjewo ndi zachilengedwe zake asanalole chombo chilichonse. Bwato lonyamula feteleza limene linayenera kufika pa mwambowo linagwidwa lisanalowe m'Malawi. Khoma la konkire lija lidakalipo m'mbali mwa Shire, ndipo palibe sitima yonyamula katundu imene imakocheza pamenepo. Tinamanga mbali yathu tisanamvane ndi mwini mbali inayo. Amene amati a Mozambique anatichitira nkhanza amaiwala kuti ifenso sitikanalola munthu kuyendetsa zombo pa Shire popanda kutifunsa.

Yerekezani ndi mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu Meyi 2021. Kale mathiraki ankagona masiku m'mbali mwa Zambezi kudikira pantoni. Zambia ndi Botswana anakhala pansi, anagwirizana za ndalama, za malo, ndi za mmene ogwira ntchito a mayiko awiriwo azigwirira limodzi, mpaka mlathowo anaukhotetsa kuti ukhale m'malire a mayiko awiri okhawo. Zokambiranazo zinatenga zaka, koma lero mathiraki akuwoloka. Kwathu kunonso chitsanzo chilipo: njanji yochoka ku Moatize ku Mozambique kudutsa ku Kachaso ndi Nkaya, kutulukira pa Nayuchi mpaka ku Nacala, makilomita oposa 900, inatheka chifukwa maboma awiri ndi kampani ya migodi ya Vale anayamba amvana asanaike chitsulo choyamba. Chimene chimandidandaulitsa pa njanji imeneyi n'choti inamangidwira malasha, ndipo katundu wathu amalowapo ngati wopempha malo. Boma likamakambirana ndi oyendetsa njanjiyo komanso ndi Mozambique, nkhani ya mabogi ndi nthawi yoikidwiratu ya feteleza, mafuta ndi nandolo iyenera kukhala yoyamba.

Mwina wina anganene kuti za Nsanje ndi zakale. Tiyeni tibwere ku 2025. M'mwezi wa Malichi boma lathu linaletsa kulowetsa katundu wosiyanasiyana, monga ufa, mpunga ndi zipatso, ponena kuti likuteteza alimi ndi makampani a m'dziko muno komanso ndalama zakunja. Mu Epulo nduna ya zamalimidwe ya ku Tanzania, Hussein Bashe, inabwezera: zokolola za ku Malawi zisalowe ku Tanzania, ndipo inachenjezanso za feteleza amene timatenga kudzera kumeneko. Pa Songwe zinthu zinaima. Nthochi ndi tomato zinawonongeka, ndipo amene anataya mpamba anali amayi a geni a ku Karonga ndi anzawo a ku Kasumulu, anthu amene sanafunsidwe ndi aliyense. Patangopita masiku ochepa chiletso cha Tanzania chinachotsedwa, nduna za mayiko awiriwa zinakumana ku Dodoma kumayambiriro kwa Meyi, nkhani inatha. Ngati inatha pa kukumana kumodzi, chinaletsa n'chiyani kuti kukumanako kuchitike chiletso chisanalengezedwe?

Sindikupeputsa maganizo a amene amafuna kuteteza mlimi wathu. Zimawawa kuona mpunga wakunja m'sitolo pamene wa Kilombero uli m'nkhokwe ku Karonga, ndipo dziko limene likusowa madola liyenera kusankha chogula. Mapangano amene tinasainira m'mabungwe a mayiko a m'chigawo chino, SADC ndi COMESA, amalola dziko kudziteteza ngati malonda ena akupha alimi kapena mafakitale ake, koma amaika njira yake: udziwitse anzako, upereke zifukwa, unene kuti chiletso chikhala nthawi yaitali bwanji. Chimene sitingakwanitse ndi kutseka chitseko mwadzidzidzi pamaso pa munthu amene mafuta athu amadutsa pakhomo pake. Tanzania ikatitsekera, ife tilibe chobwezera cholingana nacho. Komanso chiletso chongodzukira chimapha chikhulupiriro cha wamalonda wathu yemwe. Munthu amene wagwirizana ndi wogula wa ku Lusaka kapena ku Nairobi kuti amutumizira soya mu Julayi, n'kumva pa wailesi mu Juni kuti kutumiza kunja kwaimitsidwa, chaka chamawa wogula uja sabweranso. Zomwezi tazionanso pa chimanga: chaka cha njala dziko lililonse m'chigawo chino limathamangira kutseka malire, chimanga n'kumadutsabe usiku pa njinga, chokwera mtengo chifukwa wonyamulayo akulipiritsa ndi mantha ake omwe.

Pali zimene zayenda bwino, ndipo ndi bwino kuzinena. Pa 7 Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema anatsegulira chipata cha Mchinji ndi Mwami chimene munthu amaima kamodzi kokha. Kuno ku Africa njira imeneyi inayambira pa Chirundu, pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, mu 2009. Kale unkaima mbali ya dziko limene ukutuluka, kudinditsa, kutsegula katundu, kuyenda pang'ono, n'kuyambiranso zomwezo mbali inayo. Tsopano ogwira ntchito a mayiko onse awiri amakhala m'nyumba imodzi, kumbali imene ukulowera, ndipo katundu amayenera kuonedwa kamodzi onse ali pomwepo. Kuti zimenezi zitheke panafunika lamulo lolola wa kasitomu wa dziko lina kugwira ntchito yake pa nthaka ya dziko linzake. Chimenecho ndiye chovuta, chifukwa boma lililonse limaumira ndi mphamvu zake. Nyumba yokongolayo ndi gawo lophweka, ndipo obwereketsa ndalama ngati African Development Bank amaimanga mosavuta.

Koma nyumba imodzi siithandiza ngati m'katimo muli mizere isanu ndi iwiri. Pa chipata pamakhala a msonkho, a zolowa ndi kutuluka, apolisi, oona za miyezo ya katundu, a zaulimi oona mbewu ndi ziweto, a zaumoyo, a msonkho wa msewu. Aliyense ali ndi ntchito yoyenera, sindikukana. Vuto limabwera pamene aliyense akufuna pepala lakelake, lolembedwa zomwezo, ndipo wina waweruka 5 koloko pamene mnzake akugwira mpaka usiku. Limabwera pamene makompyuta a mbali ino sakulankhulana ndi a mbali inayo, ejenti wokonza mapepala a katundu n'kumalembanso pamanja zimene mnzake analemba kale kutsidya. Netiweki ikagwa kapena magetsi akazima, mzere wonse umagona. Ndipo chilolezo cha mbewu chikamaperekedwa ku likulu kokha, wamalonda wa ku Chitipa amayenda ulendo wa tsiku lonse kukafuna pepala limodzi. Izi sitingazikankhire kwa anansi. Pangano lofewetsa malonda la WTO, bungwe loona za malonda pa dziko lonse, limene linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2017 ndipo Malawi analivomereza, limanena zinthu zomwezi: mapepala aperekedwe pa khomo limodzi, katundu ayambe kukonzeredwa asanafike pa chipata, wamalonda wodziwika kuti ndi wokhulupirika asamatsegulidwe katundu ulendo uliwonse, ndipo zinthu zowola msanga zidutse patsogolo. Palibe chachilendo pamenepa. Chofunika ndi munthu mmodzi pa chipata chilichonse amene ali ndi mphamvu pa maofesi onsewo, woti akafunsidwa chifukwa chimene thiraki yagonera masiku atatu ayankhe iyeyo.

Ndiye pali zotchinga za m'misewu. Thiraki imene yaonedwa pa chipata, yamatidwa chidindo, ena mpaka kuimangirira kachipangizo koilondola pa kompyuta, imaimitsidwanso kangapo isanafike ku Lilongwe, ndipo kutsidya kwa malire n'chimodzimodzi. Kuima kulikonse ndi mphindi zotayika, ndipo tonse tikudziwa kuti kwina ndi pomwe pamapemphedwa "ya fanta". Mayiko amene agwirizana kukhulupirirana pa chipata ayenera kugwirizananso kuti chidindo cha pa chipatacho chilemekezedwe njira yonse.

Mpaka pano ndakamba za mathiraki, koma malonda ambiri a tsiku ndi tsiku pa malire athu amayenda pamutu, pa kabaza ndi m'mabasi. Azakhali anga anaphunzitsa ana anayi ndi geni ya zitenje ndi nsapato zooda kunja. Ndinawaperekezapo ulendo wina ndili mnyamata. Chimene ndimakumbukira si kutopa kwa ulendo, koma nkhope yawo titayandikira chipata: sankadziwa kuti lero alipira zingati. Katundu yemweyo, mwezi wina ndalama zakuti, mwezi wina kuwirikiza, kutengera amene wamupeza pa windo. Tsiku limenelo anawauza kuti chikwama chimodzi chitsale mpaka mawa, basi inanyamuka, ife tinagona pa khonde. Sanabe kanthu, sanazembe kanthu. Pobwerera anandiuza kuti anzawo ambiri anasiya kudutsa pa geti, amatsika patali n'kulowa njira za kutchire, kumene amalipira anyamata owaolotsa ndipo ena amachitidwa zoipa zimene sangazinene kunyumba. Mayi akasankha tchire m'malo mwa ofesi ya boma lake, ofesiyo iyenera kudzifunsa.

COMESA, bungwe limene pangano lake linatsimikizidwa ku Lilongwe konkuno mu Disembala 1994, inakonza njira yothandiza anthu ngati amenewa. Kuyambira mu 2010, pa malire a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pali dongosolo la amalonda ang'onoang'ono: ngati katundu wako sakupitirira mtengo woikika, umene unayambira pa madola 500 n'kumakwezedwa mpaka 2,000, ndipo ali pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana, umadzaza fomu yaifupi n'kudutsa osalipira msonkho wa kasitomu, popanda kulemba ejenti. Pa zipata zina pali ndi desiki ya munthu wothandiza amalonda kudzaza mafomuwo. Dongosololi ndi labwino, koma lili ndi mabowo. Mndandanda wa katundu umatenga nthawi osaunikidwanso, ndiye zimene anthu akugulitsa lero zina palibe. Misonkho ina ndi ziphaso za zaulimi zimakhalapobe, ndipo mayi amene anamva kuti "ndi zaulere" amadzimva kuti wanamizidwa. Chachikulu n'choti Mozambique ndi Tanzania sali mu COMESA; Tanzania inatulukamo mu 2000. Malire athu aatali kwambiri ndi a Mozambique, kuyambira ku Dedza ndi Ntcheu, kumene msewu weniweniwo ndiwo malire, mpaka ku Muloza, Nayuchi, Chiponde ndi Marka. Pa Lizulu ndi pa Tsangano mbatata ndi kabichi zimawoloka tsiku lililonse pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi, ena a banja limodzi. Kumeneko dongosolo lotere limadalira pangano la mayiko awiri okha, ndipo pangano lililonse limene lasainidwa liyenera kuoneka pa windo: mndandanda wa katundu ndi mitengo yake zomatidwa pa khoma, m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka, m'Chipwitikizi ndi m'Chiswahili, zilembo zikuluzikulu, kuti wolipira ndi wolipiritsa aziwerenga chinthu chimodzi.

Timakonda kukamba za msika wa Africa yonse, AfCFTA, umene unasainidwa ku Kigali mu 2018 ndipo malonda ake anatsegulidwa pa 1 Januwale 2021. Ndimaufunira zabwino. Koma katundu wopita ku Ghana kapena ku Egypt adzayamba wadutsa pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe. Kuchotsa msonkho wa kasitomu kumathandiza pang'ono ngati masiku otayika pa njira akudya zoposa msonkhowo. SADC inatsegula msika wake wopanda msonkho mu 2008, COMESA mu 2000, ndipo mizere ya mathiraki ija idakalipo. Mapangano tili nawo okwanira.

Chinanso chimene zaka zapitazi zatiphunzitsa n'choti njira imodzi siyokwanira. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anagwetsa Beira ndi kudula msewu wochoka kumeneko. Chisankho cha ku Mozambique cha mu Okutobala 2024 chitatsatidwa ndi zionetsero, mathanki a mafuta anavutika kuyenda, pa nthawi imene mizere ya pa mafilingi siteshoni inali kale yaitali chifukwa cha kusowa kwa madola. Tikufunika Nacala, Beira ndi Dar es Salaam zonse zikhale zamoyo nthawi imodzi, kuti ina ikatsekeka katundu asamukire kwina popanda kuyamba kukambirana pamene moto wayaka kale. N'chifukwa chake sitima ya mafuta imene inafika pa Marka kuchokera ku Beira mu 2024, patatha zaka pafupifupi 40 njanjiyo ili chigonere, inandisangalatsa kuposa misonkhano yambiri. A Mozambique anakonza mbali yawo mpaka pa malire. Mbali yathu, kuchoka pa Marka kupita ku Bangula ndi kupitirira mpaka ku Limbe, ndi imene ikudikira ife. Njanji ya Mchinji ndi Chipata nayo inatsegulidwa mu 2010 ndi chiyembekezo choti katundu wa kum'mawa kwa Zambia azidutsa kwathu kupita ku Nacala. Imeneyo ikanatisandutsa dziko lodutsamo katundu wa ena, lolandira ndalama, m'malo mokhala kumathero kwa msewu. Kuti zitero pafunika Lusaka, Lilongwe ndi Maputo agwirizane mtengo umodzi, pepala limodzi ndi nthawi ya sitima yodalirika, apo ayi wamalonda wa ku Chipata apitiriza kukweza katundu wake pa thiraki.

Pempho langa kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi kwa atolankhani anzanga ndi laling'ono. Nduna ikabwera kuchokera ku msonkhano wa SADC kapena wa COMESA, tisamaifunse kuti yasaina chiyani. Tiziifunsa kuti thiraki ya feteleza ikutenga maola angati kuchoka pa geti la doko la Nacala kufika ku Kanengo, ndipo chaka chatha inkatenga angati. Makompyuta a msonkho amalemba kale nthawi imene katundu wafika ndi imene watuluka, choncho chiwerengerocho chilipo. Chizitulutsidwa mwezi uliwonse, chipata ndi chipata, mbali yathu ndi mbali ya anansi, ndipo chizimatidwa pa geti pomwe madalaivala aja amaphikira nsima, kuti nawonso anene ngati chikugwirizana ndi masiku amene agona pamenepo.